Nkhosa yopanda mbiri imagulidwa ngati ndiwo

 Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya m'khola, ndipo ndachita kutumidwa. Ondituma ndi malume anga, amene adandiitana nati: "Mphwanga, iwe umadyera pakamwa. Pita ukawauze anthu zimene zidandionekera ine, koma dzina langa ulisiye." Dzinalo ndalisiyadi, koma nkhani yokha ndiikamba yonse.

Chaka chatha m'mwezi wa Juni, malume atagulitsa kachewere wawo, adanyamuka kupita kumsika wina wa m'malire muno kukagula malata. Asanafike n'komwe pa sitolo adakumana ndi mkulu wina atagwira chingwe, kumapeto kwa chingwecho kuli nkhosa yamphongo yoyera thupi lonse, mutu wokha wakuda bii. Mkuluyo adati imeneyi ndi Dorper yeniyeni yochokera ku Joni, ndipo ana ake amakula ngati ana a ng'ombe. Mtengo wake unali wa nkhosa zinayi zakuno. Ndalama ya malata idaperewera, tsono malume adathamangira kunyumba, nagwira mphongo yawo yakale, ija idabereka khola lonse, kukaigulitsa kwa anyamata a chiwaya kuti aonjezere. Madzulo a tsikulo mudzi wonse udakhamukira pakhola kudzaona mlendo, ine ndemwe ndidali pompo, ndipo ndidaombera nawo m'manja.

Nkhosa imakhala ndi bere miyezi isanu. Pofika Disembala, mwa nkhosa zazikazi zisanu ndi zitatu zidaswa zitatu zokha, ana ake amawangamawanga, michira yamafuta ngati ya amawo. Mvula itakhazikika mlendo uja adayamba kutsalira m'mbuyo popita kubusa, pansi pa chibwano n'kutupa ngati wamangirira kathumba ka madzi, ndipo mu Febuluwale adafa. Mlangizi wa ziweto atabwera adangotsegula kamwa n'kupukusa mutu. Mano adali otha ndi otalikirana, kusonyeza kuti inali nkhalamba. Potumbula tidapeza chifu chodzaza ndi tinjoka tofiira. Mutu wakuda uja ndiye wokhawo umene idatenga kwa Dorper, mwina kwa agogo ake. Malata sadagulidwe, ndipo khola lidatsala lopanda mphongo. Akuluakulu sadaname ponena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Zitachitika izi ndidafuna kudziwa m'mene nkhosa za mtundu zenizenizo zimagulitsidwira kumene zimachokera. Ndili ndi msuweni amene amagwira ntchito pa famu ya nkhosa ku South Africa, ndipo iye ndiye adandifotokozera, n'kunditumiziranso zithunzi zoyenda pa foni. Ndati ndikugawireni, chifukwa muli phunziro limene silifuna ndalama.

Poyamba, Dorper ndi nkhosa yochita kupangidwa ndi anthu. Alimi ndi akatswiri a ku South Africa adaiyamba m'zaka za m'ma 1930 pokweretsa mitundu iwiri: Dorset Horn ya ku England, yokhala ndi nyama yambiri, ndi Blackhead Persian, ya mutu wakuda, yopirira dzuwa. Dzina loti Dorper adalitenga polumikiza mayina awiriwo. M'chaka cha 1950 oweta mtunduwu adakhazikitsa bungwe lawo, limene limasunga malamulo a m'mene Dorper iyenera kuonekera. Ilipo ya mutu wakuda, iliponso yoyera yonse. Ikamadya bwino, mwana wake amatha kufika makilogalamu 35 ali ndi miyezi inayi yokha. Koma dziwani kuti adaipangira madera ouma monga Karoo, kumene mvula ndi ya apo ndi apo.

Tsiku la malonda lisanafike kumakhala chionetsero. Nkhosa amazigawa malinga ndi msinkhu, zamphongo pazokha, zazikazi pazokha, ndipo mwini kapena wantchito wake amalowa nayo m'bwalo ataisambitsa ndi kuiwenga ziboda. Woweruza sangoyang'ana ali patali ayi. Amaigwira pamsana ndi m'ntchafu kuti amve nyama, amaitsegula kamwa, amaiyendetsa kuti aone miyendo, ndipo ikakhala yamphongo amagwiranso machende. Yopambana amaipatsa kansalu ka ulemu, ndipo kansalu kameneko kamakweza mtengo pa tsiku logulitsa.

Malonda akewo ndi aja a okushoni, amene pa Chipwitikizi timati leilão. Inu a ku Malawi amene mudapitako ndi fodya ku Kanengo mukudziwa kale kachitidwe kake. Wogula aliyense amalandira kabuku, ndipo m'kabukumo nkhosa iliyonse ili ndi nambala yofanana ndi imene ili pa khutu lake. Pansi pa nambalayo adalemba tsiku lobadwa, bambo wake, mayi wake, agogo ake, ngati idabadwa yokha kapena mapasa, ndi kulemera kwake posiya kuyamwa. Nkhosa ikalowa m'bwalo, woitanira malonda amatchula mtengo woyambira, ogula n'kumakweza dzanja, wina kuonjezera pa mnzake, mpaka atatsala mmodzi. Apo nyundo imagunda pa tebulo, malonda atha. Mwini amaloledwa kuneneratu mtengo umene sangatsikepo, ndipo ogula akalephera kuufika amabwerera nayo kwawo nkhosa yake. Woitanira uja amadya kagawo kochepa pa mtengo umene wagulitsa, n'chifukwa chake amalimbikira kuti ukwere.

Mitengo yake nthawi zina imadabwitsa. Mu Ogasiti 2020, pa okushoni ya ku Lanark m'dziko la Scotland, kamphongo ka miyezi isanu ndi umodzi ka mtundu wa Texel, kotchedwa Double Diamond, kadagulidwa pa mtengo wa mapaundi 367,500. Ngakhale kumeneko, kwa anthu a ndalama, mtengowo udali wolemera kwa munthu mmodzi, ndipo adachita kusonkherana oweta atatu. Nanga anthu anzeru zawo angaponye chuma chotere pa nkhosa imodzi chifukwa chiyani? Nyama yake siikadadzaza ngakhale chiwaya chimodzi cha pa Biriwiri. Chimene adagula ndi ana amene mphongoyo idzabereke, pakuti masiku ano mbewu ya mphongo imodzi amaitenga n'kuipereka kwa nkhosa zazikazi zambirimbiri m'makola osiyanasiyana. Ndipo adalimba mtima kutero chifukwa mbiri ya makolo ake idalembedwa, aliyense akhoza kuiwerenga.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Malume adalipira mtengo wa mbiri, koma adalandira nkhosa yopanda mbiri. Ifenso tikamagulitsa zathu, ngakhale zitakhala zabwino chotani, timalandira mtengo wa ndiwo, chifukwa palibe chimene tingamuonetse wogula choposa chimene maso ake akuona. Venda amabwera pakhomo m'mwezi wa Janyuwale, nthawi imene m'nkhokwe mwayera ndipo ana akufuna makope, n'kuikweza nkhosa m'manja, n'kunena yekha kuti ikulemera mwakuti. Wogula ali mmodzi, wogulitsa ali ndi njala. Mtengo ungakwere bwanji pamenepo?

Wina anena kuti zolemba mbiri ya ziweto ndi za azungu. Ine ndikukana. Makolo athu Angoni amene adakhazikika pansi pa phiri la Domwe adali anthu a ziweto, ndipo ng'ombe iliyonse inkadziwika ndi dzina, mayi wake, ndi khola limene idachokera. Pokambirana za lobola mkulu ankatha kukana ng'ombe ponena kuti mayi wake ankataya ana. Mpaka lero m'mabuku a akatswiri muli mtundu wa ng'ombe wotchedwa Angoni, zathu zomwezi za linunda, ndipo boma limazisunga ndi kuzifufuza konkuno pa Estação Zootécnica de Angónia. Kaundula adalipo, kungoti ankakhala m'mutu mwa akuluakulu. Nkhondo ndiyo idaung'amba. Ine ndidabadwira kutsidya, makolo anga ali othawa nkhondo, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anthu adabwerera kudzapeza makola atamera udzu. Aliyense adayambiranso ndi chiweto chimene adachipeza, osafunsa kuti chidabadwa kwa yani. Padutsa zaka zoposa 30 tsopano, ndipo nthawi yakwana yoti tiyambirenso kufunsa.

Choyamba ndi kope wamba, lomweli la ana a sukulu. Nkhosa iliyonse ipatseni dzina kapena nambala, ndipo ngati zikufanana idulani kachizindikiro pa khutu. Ikaswa lembani tsiku, mayi, bambo, ndiponso ngati ndi mapasa. Mwana akafika miyezi inayi mupimeni pa sikelo yomwe mumapimira nyemba ija, mutamuika m'thumba, n'kulemba. Mukapereka mankhwala lembani, ikadwala lembani, ikafa lembaninso chimene chaipha. Ngati inu simudziwa kulemba, mdzukulu alipo. Pakatha zaka ziwiri kope limenelo lidzakuuzani zinthu zimene maso sakanakuuzani: ndi iti imaswa chaka ndi chaka osataya mwana, ndi iti ana ake amakula msanga, ndi iti imangodya msipu waulere. Ndipo tsiku logulitsa mudzakhala ndi chomuonetsa wogula.

Chachiwiri, tileke kugulitsa mphongo yabwino. Chizolowezi chathu n'chakuti vuto likagwa timagwira yaikulu kuposa zonse, chifukwa ndiyo ibweretse ndalama yooneka, n'kusiya kamphongo kofooka kuti kabereke khola. Tikatero chaka ndi chaka, nkhosa zimanka zichepa msinkhu, kenaka timati mtundu wathu ndi wachabe. Anzathu a okushoni aja amachita mosiyana: yabwino koposa ndiyo imatsala kapena kugulitsidwa kwa woweta mnzawo, zotsalazo amazifula n'kuzinenepetsa kuti zikhale za nyama. Komanso mphongo isakhalitse m'khola limodzi mpaka kumakwera ana ake omwe, chifukwa magazi akabwerezana ana amabadwa ofooka. Pakatha zaka ziwiri sinthanani ndi mnzanu wa mudzi wina amene khola lake mukulidziwa. Mphongo imodzi yamphamvu imakwanira zazikazi 30, choncho mabanja atatu kapena anayi akhoza kusonkherana imodzi yabwino, monga adachitira a ku Scotland aja. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, ngati mwatsimikiza kugula mphongo ya mtundu, chitani zimene amachita woweruza uja. Yambani ndi kamwa. Nkhosa ilibe mano akutsogolo m'mwamba, koma pansi ili nawo 8. Ikadali mwana onsewo amakhala ang'onoang'ono. Ikakwana chaka kapena chaka ndi theka awiri apakati amachoka n'kumera akuluakulu. Cha pa zaka ziwiri akuluakuluwo amakhala anayi, pa zaka zitatu asanu ndi limodzi, ndipo pofika zaka zinayi amakwana onse. Kuchokera apo amayamba kutha ndi kutalikirana. Mphongo yoyenera ndalama yanu ndi ya mano aakulu awiri kapena anayi. Kenaka tsitsani chikope cha m'munsi muone m'kati mwa diso. Mukakhala mofiira bwino magazi alimo, koma mukakhala motuwa dziwani kuti njoka zayamba kale kuimwa magazi. Alangizi ena ali ndi kakhadi ka mitundu kotchedwa FAMACHA kofanizira diso, kamenenso kadachokera ku South Africa. Onani ziboda ngati zili ndi zilonda kapena fungo, iyendetseni muone ngati ikutsimphina, ndipo musachite manyazi kugwira machende: akhale awiri, ofanana, olimba bwino, opanda zotupa. Pomaliza funsani kuti idabadwira khola la yani, ndipo ngati n'kotheka pitani mukaone mayi wake ndi abale ake. Wogulitsa akayamba kuzemba funso limeneli, bwezani ndalama m'thumba. Mutu wakuda si umboni, pakuti nkhosa yosakanizika kangapo imathanso kubadwa nawo.

Musaiwale za mapepala. Chiweto chochokera boma lina chimayenda ndi chikalata cha a zaziweto, chija timati guia de trânsito, chimene chimatengedwa ku ofesi ya SDAE. Choolotsa malire chimafunanso chilolezo cha maiko onse awiri. Ena amaona ngati n'kuvutitsana, koma matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amayenda ndi ziweto zodutsa njira zachidule usiku, ndipo akabuka boma limatseka malonda a ziweto m'dera lonse, olakwa ndi osalakwa omwe. Mlendo akafika pakhomo mumangireni payekha milungu itatu kapena inayi, mum'mwetse mankhwala a njoka ndi kumupopera a nkhupakupa asanasakanikirane ndi zinzake.

Tsono ndinene chimene ena sachikonda. Ngakhale Dorper itakhala yeniyeni, ya mapepala ake, kuno si ku Karoo. Kwathu kuno ndi kumapiri, mvula ndi yambiri, madambo amakhala ndi madzi miyezi yathunthu, ndipo m'chinyezi chotere njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi kuola kwa ziboda zimasangalala. Nkhosa zathu za mchira wamafuta, zimene m'mabuku a ku Mozambique amazitcha Landim, zidazolowera zonsezi kuyambira kalekale. Zimakula pang'onopang'ono, inde, koma zimafika m'chilimwe zili moyo. Nkhosa yobwera imafuna mankhwala pa nthawi yake, khola louma lokwera, ndi chakudya choonjezera monga madeya ndi masangwi a nyemba kapena a soya. Amene angathe zimenezi ayese, ndipo ana a mphongo ya Dorper ndi mayi wakuno amakula msanga kuposa akuno enieni. Koma musathe khola lonse. Siyani zazikazi zina zabwino zizikweredwa ndi mphongo yakuno, kuti mbewu yopirira isatheretu. Amene sangathe kugula mankhwala chaka chonse asadzivute, angosankha bwino mwa zake zomwe.

Ndipo musaganize kuti chakuno sichingakhale ndi dzina. Onani mbuzi za anzathu a kumunsi kotentha, ku Changara ndi ku Marara, zimene zimadya masau ndi malambe. Ndi mbuzi wamba za makolo, koma lero dzina loti Cabrito de Tete ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo munthu wa ku Maputo amaitanitsa nyamayo potchula dzina. Kachewere wa ku Angonia ndi ku Tsangano naye amadziwika mpaka ku Beira. Chingaletse nkhosa ya ku Angonia n'chiyani?

Pempho langa likupita kwa mafumu, alangizi ndi magulu a alimi. Tiyeni tipangane tsiku limodzi kapena awiri pa chaka, pabwalo lodziwika, loti onse ogulitsa nkhosa ndi mbuzi abwere pamodzi. Pakhale sikelo yopachika imene aliyense akuona, pakhale mlangizi woona za umoyo wa ziweto ndi kulemba maguia pompo, ndipo ogula aitanidwe ambiri, a mabutchala a ku Tete ndi ku Moatize, a malo odyera, ndi oweta anzathu ofuna mbewu. Tsikulo likhale lochita kusankha. Abale athu Achisilamu amafuna nkhosa zambiri pa chikondwerero chawo cha nsembe, ndipo amafuna yathanzi, yopanda chilema. Nyengo ya Khirisimasi nayo nyama imafunika. M'mawa tionetse ziweto, akuluakulu odziwa asankhe mphongo ndi yaikazi yopambana, masana tigulitse mokweza manja. Nyundo tingachite kubwereka kwa kalipentala. Kulengeza pa wailesi ndiye musade nako nkhawa, imeneyo ndi ntchito yanga. Ogula akakhala asanu pa nkhosa imodzi, mwini sachitanso kupempha mtengo.

Za malume, mtima udawawa koma sadagwe mphwayi. Adagwirizana ndi anansi awo awiri, nagula mphongo yakuno ya mano awiri kwa mayi wina wa mudzi woyandikana nawo, ataona kaye mayi wa mphongoyo ndi abale ake m'khola. Mdzukulu wawo wa kalasi yachisanu ndiye mlembi, ndipo kope limakhala m'chitini pamwamba pa kabati kuopa mbewa. Nditapitako sabata yatha adanditulutsira kuti ndione. Pa tsamba loyamba adalembetsa mlendo wa mutu wakuda uja: tsiku limene adabwera, mtengo wake, ndi tsiku limene adafa. Pa malo a bambo ndi mayi mwana adalemba kuti "sitikudziwa". Ndidafunsa kuti bwanji adalembetsa yakufa kale, iwo nati: "Mphwanga, imeneyo ndiyo idandigulitsa kopeli. Ikhale pompo, kuti tsiku lina ndikadzaona chingwe china pamsika ndidzayambe ndatsegula tsamba limeneli."

Malata akuti agula chaka chino kachewere akachita bwino. Amene muli ndi mafunso kapena zokuonekerani zanu pa nkhani ya ziweto, lembani kalata kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino, kapena mundipeze ku wailesi. Tsalani bwino, tikumanenso sabata yamawa.